Mtsuko wa Nangondo

Kalekale, m'mudzi wina wa m'tsinde mwa phiri, munali mayi woumba mbiya dzina lake Nangondo. Ali namwali anaumba mtsuko umene mbiri yake inafika kutali. Kukula kwake, kusalala kwake, kuzizira kwa madzi ake! Aulendo ankachita kupatuka kudzamwako.

Koma mtsukowo unamumanga manja. Akaumba wina ankauika pambali pa wakalewo, n'kupukusa mutu, n'kuuphwanya usanaume. Anangotsala woumba timiphika ta ndiwo. Anthu, paja pakamwa sapuma, ankati luso la Nangondo linatha ndi unamwali.

Tsono mwana wake Mwatitha anakwatiwa, ndipo mwamuna anati amutenge chitengwa, akakhale kwawo kumene chitsime chili kuseri kwa phiri. Kumeneko mkazi wopanda mtsuko waukulu amathera tsiku m'njira. Mwatitha anapempha mtsuko wotchuka uja. Mayi ake ataudzaza madzi kuti auyese, anaona pansi ponse chinyezi. Unali utang'aluka ndi ukalamba.

Nangondo analira, inde analira ndithu. Misozi itauma anatola munsi, mtsuko uja phwaa! Mapale ake anawasinja, anawapera, anawasefa.

Mnansi wake Nasimango anathamangira komweko.

"Anzanga, mwazungulira mutu kodi? Dzina lanu lonse linali m'menemo!"

"Unaumbidwa ndi kamtsikana umenewu," anatero Nangondo. "Ine ndaponda dothi mpaka imvi. Andipose mwana?"

Ufa wa mapale uja anausakaniza ndi dothi la mtapo, poti dothi lotero siling'aluka pamoto. Anaponda, anaumba, anakulungiza. Tsopano panalibenso mtsuko wakale womuyang'ana. Moto utazilala, anatulutsa chimtsuko chofika m'chiuno. Anachigogoda ndi chala, chinalira ngati belu. Aja amalomo anangoti kukamwa yasa, kenaka n'kuvomera kuti Nangondo wadziposa yekha.

Tsiku lonyamuka, Mwatitha anadandaula kuti ankafuna atatenga uja ankamwera ali mwana.

"Senza, mwanawe," anatero mayi ake. "Uli momwemo."

Mwamva, inu? Chabwino chimene unachita dzulo si chogwadira ayi. Chipere, uumbire cha lero. Nthano yanga yapsa, ndaiphula. Wofuna ina akakumbe lake dothi.