Chifukwa chake nyerere zimagundana mitu panjira

Adzukulu anga, m'mawa uno ndakuonani mukupita kusukulu pa kabaza, fumbi lili koboo kumbuyo. Msewu umenewu unali kanjira ka udzu pamene ndinkanyamuka kupita ku migodi ya ku Wankie. Malemu agogo anu aakazi, adakali mtsikana, anandiperekeza m'kanjirako, ndipo aliyense wokumana naye ankaima naye. Ine mtima uli m'mwamba kuti basi indisiya. Iwo akuseka, anandiuza nkhani iyi.

Kalekale nyerere sizinkapatsana moni panjira. Iliyonse inkangoyenda zake. Koma sukulu zinali nayo, pansi pa tsamba la dzungu, kumene ana ankaloweza njira zonse za m'mudzi wa anthu: yopita kunkhokwe, yopita pamtondo, yopita kuchulu. Wophunzira woposa onse anali Kadzuwa. Njira makumi anayi ankazitchula osapumira, ndipo atamaliza sukulu anayamba kuyenda mutu uli m'mwamba.

Chaka china mvula inafulumira. Una wa nyerere unali m'munsi, ndipo madzi akanalowa akanaononga mazira onse. Nyerere zinagwirizana zosamukira kuchulu tsiku lomwelo mvula isanagwe, ndipo zinasankha Kadzuwa kuti atsogolere.

Zinanyamuka, iliyonse dzira kukamwa. Zitafika pa nthochi zinakumana ndi azakhali ake a Kadzuwa, a Nankhoma, nyerere yokalamba yomwe sinapondeko kusukulu. Ankachokera komwe anzawo ankapita, akutsimphina, miyendo ili mbuu.

"Iwe Kadzuwa, mwana wa mchimwene wanga, taima ndikuuze."

"Zakhali, tikufulumira. Njirayi ndinakhoza nayo mayeso."

"Mayesowo unalemba liti?"

"Chaka chatha."

"Ine njirayo ndalemba nayo mayeso m'mawa uno, ndi miyendo yangayi."

Anzake a Kadzuwa anaseka mpaka wina anagwetsa dzira. Kadzuwa anachita manyazi, ndipo chifukwa cha manyaziwo anangowalambalala azakhali akewo osatembenuka.

Atafika kuseri kwa khitchini, mzere wonse unaima. Mayi wa pakhomopo anali atayamba kutaya phulusa pamenepo, ndipo mulu wake, wotentha, unatseka njira yonse. Kusukulu za phulusali kunalibe. Kumwamba kunachita bii, madontho oyamba nayamba kugwa.

"Aphunzitsi, tsamba lotsatira likuti chiyani?" nyerere ina inafunsa Kadzuwa monyodola, mawu osamveka bwino chifukwa cha dzira kukamwa.

Kadzuwa anatchula njira zake makumi anayi, kuyambira yoyamba mpaka yomaliza. Phulusa silinasunthe. Pamenepo anatula dzira lake, nathamanga kubwerera ku nthochi kuja. Anapeza a Nankhoma atakhala, akupukuta miyendo.

"Zakhali, njira ina ili kuti?"

"Kodi ndani ameneyu? Sindinamve moni."

"Mwaswera bwanji, zakhali?"

"Ndaswera bwino, kaya anzathu ophunzira? Miyendoyi ndiyo yapsa. Wandifunsa mochedwa."

Bingu linagunda mwamphamvu moti mawu sankamvekanso. Kadzuwa anawerama, nagunditsa mutu wake pa mutu wa azakhali ake kuti amve. A Nankhoma anamuuza za njira yakale yodutsa pansi pa mpanda, yomwe amayi awo anawaonetsa ali mwana.

"Koma mvula ikagwa pamadutsa kangalande," anatero. "Pamenepo ndiye ine nzeru ndilibe. Ndimangodikira kuti madzi aphwe."

Kadzuwa anadumpha. "Zimenezo tinaphunzira! Mumagwetsa phesi la udzu, nyerere khumi kugwira uku, khumi uko, ena n'kumawoloka."

"Ohoo! Kani kusukuluko mumaphunziranso zaphindu?"

Anabwerera limodzi. Poti bingu linali lisanaleke, uthenga unayenda mutu ndi mutu, kuchokera kwa wamkulu kupita kwa mwana, kwa mwana kupita kwa wamkulu, mpaka kumapeto kwa mzere. Zinadutsa pansi pa mpanda, zinawoloka pa phesi, a Nankhoma ali patsogolo akunyada ngati phesilo analipeza ndi iwo. Dzira lomaliza litangolowa m'chulu, chimvula chinakhuthuka. Palibe ngakhale limodzi lomwe linanyowa.

Ndi chifukwa chake lero nyerere ziwiri zikakumana panjira, ngakhale zitasenza katundu wolemera chotani, zimaima n'kugundana mitu. Yochokera kutsogolo imanena zomwe yaona, inayo imanena zomwe yaphunzira, kenako iliyonse imapitiriza ulendo. Mawa mukagwade pakhonde muziyang'ane, muona nokha.

Nkhaniyi inali ndi nyimbo yake, yomwe nyerere zinkaimba powoloka, koma inandithawa zaka zomwe ndinali kutali. Iwe Tiyamike, dzanja lako ndi labwino. Katenge cholembera ulembe nkhaniyi lero lomwe, zotsalazi zisanatsatire nyimboyo.