Gasi wa Nangondo ndi Msewu wa Padambo

Ana inu, musaganize kuti mwambi uliwonse unabadwira kumunda. Uwu unabadwira pa shopu ya gasi wophikira ku Mtandire, ndipo mwini shopuyo ndinkamudziwa bwino. Anali Nangondo, mayi wa pakamwa pakuthwa, wosauzika.

Malonda a gasi ali ndi nyengo yake. M'chilimwe makala amakhala mbwee, gasi sayenda, ndipo kudepoti kopikulira gasi mtengo umakhalako bwino. Mvula ikagwa makala amanyowa, aliyense n'kukumbukira silinda yake.

Tsiku lina dzuwa likuswa mtengo, mwamuna wake, a Chikuse, anati, "Amake Tadala, tidzaze masilinda onse panopa, msewu ukadali wouma."

"Ndidzazire ndani? Anthu onse ali pa mbaula," anatero Nangondo. "Dikirani mvula, bambo, muone mmene adzandifunire. Ambuye, gwetsani mvula, makala onse anyowe!"

Ndipo inagwadi, yosakata. Makala anangoti nyekete, utsi wokhawokha. Anthu anakhamukira kwa Nangondo, masilinda ali pamutu, ena pa kabaza. Ogulitsa tchipisi, ophika mandazi, onse anali pamzere. Mayiyu anavina pakhonde, chitenje chili m'chiuno, akuimba mosangalala. Dzuwa lisanafike paliwombo, gasi yense anali atatha.

"Musachoke!" anafuula. "Lole ya gasi ikubwera!"

Anaimbira a Kapinga, dalaivala wa kudepoti, ndipo anthu anadikira. Kenako a Kapinga anatulukira wapansi, nsapato zili m'manja, thalauza litapindidwa mpaka m'mawondo.

"Mayi, lole yatitimira padambo. Matayala sakuoneka. Olo thirakitala siyifika."

Mzere uja unatembenuka ngati mbuzi zaona chimanga. Onse analunjika kumsewu wa tala, kwa wamalonda wina amene anadzaza gasi wake kukadali kouma, ndipo ambiri anazolowera komweko osabwereranso. Nangondo anakhala pa silinda yopanda kanthu n'kulira mokweza. Kunena zoona, ngakhale ine ndinamumvera chisoni.

A Chikuse anamuyang'ana nati, "Amake Tadala, mvulayi munaiitana nokha. Walira mvula, walira matope."

Mwambiwu umatanthauza kuti chabwino chimene ukuchilakalaka chimabwera ndi zovuta zake, ndipo uyenera kuzikonzekera zonse pamodzi. Mvula imene inabweretsera Nangondo ogula ndi yomweyo imene inamutsekera msewu.