Wotchi Yoyendera Dzanja

Panali munthu wina wa ku Ntcheu amene anapita ku Joni ali mnyamata, kukagwira ntchito kumigodi. Anzake pobwerera anatenga njinga, zikhoti ndi magalamafoni. Iye anabwera ndi wotchi imodzi basi, thukuta lake la zaka zonsezo litathera pamenepo.

Inu okulira m'mafoni, imani ndikuuzeni. Wotchi imeneyo inalibe batire. Inkayendera dzanja la mwini wake. Mkati mwake munali kachitsulo kolemera, kamene kankazungulira dzanja likamagwedezeka, nkumasunga mphamvu. Ukamaivala imayenda. Ukaigoneka masiku angapo imaima.

Munthuyo ankalima nayo, kuumba nayo njerwa, kuimbitsa nayo kwaya Lamulungu. Mudzi wonse unkafunsa nthawi kwa iye, ngakhale amene analibe kopita. Ankakonda kunena kuti chichokereni m'sitolo ku Joni, wotchi yake sinaimepo. Kaya n'zoona, ine kunalibeko. Koma ankanyadira zimenezo kuposa ng'ombe zake.

Anali ndi ana awiri, Yotamu ndi mlongo wake Esinati. Yotamu ali wamng'ono ankakhala pamiyendo pa bambo ake, khutu atatsamiritsa padzanja lawo, kumvetsera kugunda kwa wotchiyo mpaka tulo kumutenga. Chikondi cha mawotchi chinamulowa pamenepo.

Atakula anaphunzira, nalemera, nakhazikika ku Blantyre. Anayamba kugula mawotchi opanda batire ngati ya bambo ake ija, ena agolide, ena ochokera maiko akutali. Anawagulira kabati yagalasi, iliyonse pa kapilo kake, kiyi ali m'thumba. Ankawadziwa ndithu, musamupeputse. Ankatha kukuuzani dzina la wotchi pongomva kugunda kwake. Akapita kumudzi ankadandaula kuti, "Bambo, wotchi imeneyi ndi yosowa masiku ano. Musamalime nayo." Bambo ake ankangoseka.

Ukalamba unafika, matenda nawo. Dzanja lija linasiya khasu, linangogona pamphasa. Mkuluyo anadziwa kuti dzanja likagona, wotchi nayo igona. Anaitana Esinati.

"Uzivala ndiwe masana, uzisinja nayo, uzitunga nayo madzi. Madzulo uzindibwezera. Ndikapita, ukampatse mlongo wako isanaime."

Anamwalira Yotamu ali kunja kwa dziko pantchito, ndipo maliro sanawapeze.

Lamba wa wotchiyo ankamukulira Esinati, choncho anakulunga kansalu padzanja kuti isavuke. Pamaliro, paja ofedwa amangokhala m'nyumba osagwira kanthu, iye ankagwedeza dzanja mobisa mkati mwa chitenje, misozi ili chuchuchu. Maliro atatha, amayi anzake kumjigo ankamuseka kuti wayamba usikana ndi wotchi yachimuna. Iye sanaivule. Atamva kuti Yotamu wabwera, anakwera basi mpaka ku Blantyre.

"Achimwene, bambo anati ndikupatseni isanaime. Nayi, ikuyenda."

Yotamu anaiika kukhutu. Anamva kugunda komwe kuja kwa paubwana wake, ndipo analira kwambiri. Atapukuta misozi anaiyang'anitsitsa monga wodziwa mawotchi. Galasi linali lokalikakalika, lamba wodyeka ndi thukuta, m'mphepete muli dothi la kumunda.

"Bwanji osaivala?" anafunsa Esinati.

"Ayi achemwali, zoterezi sizipezekanso. Yavutika kokwanira. Ipume."

Anaipukuta bwinobwino, nasuntha agolide aja, naiika pakati penipeni pa kabati, pamalo aulemu kuposa onse. Kenako anakhoma. Esinati anayang'ana dzanja lake lopanda kanthu, natsazika.

Sabata isanathe, Yotamu anawasowa bambo ake. Anatsekula kabati, naiika wotchi ija kukhutu. Kunali zii.

Sikuti sankadziwa. Ankadziwa bwino kuposa tonsefe kuti wotchi yotere ikagona imaima. Mawotchi ake onse ankaima choncho, iye nkumawadzutsa akafuna kuonetsa alendo. Anaigwedeza, inayambanso. Anaikonza nthawi poyang'ana pafoni, naimbira mlongo wake.

"Inangoima pang'ono, koma ndaidzutsa. Ikuyenda bwinobwino."

Esinati anayankha kuti:

"Ikuyenda, inde. Koma pamene ndinkakupatsani, inali ikuyendabe ulendo uja anauyambitsa bambo ku Joni. Umenewo ndiye watha."

Kuyambira tsiku limenelo Yotamu ankaivala tsiku ndi tsiku, agolide aja ali m'kabati. Inkasunga nthawi osaphonya. Koma chimene bambo ake ankanena monyadira chija, iye sanathe kuchinenanso kwa ana ake.

Tsono inu amene mwakhala apa, Yotamu sanali munthu woipa. Wotchiyo ankaikonda, ndipo chikondi chomwecho ndi chimene chinakhoma kabati. Nanunso munalandira zina zikuyenda: pemphero limene linkamveka m'nyumba mwanu, nyimbo za mayi anu, chizolowezi chokaona abale ngakhale popanda maliro. Alipo amene anavutika kuti zikufikeni zamoyo. Mukamati n'zamtengo wapatali, n'zoona. Koma mukapita kunyumba, kaoneni ngati zili padzanja kapena m'kabati, zisanaime.