Ngolo ya a Kaliwo Pakati pa Mapanga

Ana inu, mwambi wa lerowu musauyese wamakedzana. Unabadwira kwathu konkuno, ndipo mwini nkhaniyo ndinkamudziwa.

Kutauni kunamangidwa fakitale yopanga magetsi pootcha zitsononkho za chimanga, ndipo inkagula zouma zokhazokha. Vuto linali mayendedwe. Lole ikamayenda khomo ndi khomo, phindu lonse linkathera m'mafuta. Choncho madalaivala awiri anauza anthu kuti aziunjika katundu pamodzi kuti mtengo wonyamulira utsike. Wina anasankha phanga la kum'mawa kwa phiri lathu, mnzake la kumadzulo, poti m'phanga simulowa mvula.

Amayi a m'mudzi anapereka zitsononkho zawo za chaka chonse kwa a Kaliwo, mwini ngolo.

"Achimwene, mukatule kotsika mtengo, zifike zouma," anatero a Nasibeko, mtsogoleri wawo.

Koma a Kaliwo anali munthu wongotengeka ndi zonena za anthu. Atayandikira phanga la kum'mawa anakumana ndi wanjinga.

"Mukupita kuti, madala? Dalaivala wa kumadzulo watsitsa mtengo!"

Anatembenuza ng'ombe. Ali pafupi kufika kumadzulo, mayi wina wotola nkhuni anawaimitsa.

"Iii bambo, kunotu lole siinyamuka isanadzaze. Ya kum'mawa ndiye ikupita lero."

Anatembenuzanso. Pofika pamphambano mutu unali utaima. Kotchipa n'kochedwa, kofulumira n'kodula, nanga amayi aja anati chiyani? Ng'ombe nazo zinabalalika, ina kukokera uku, inzake uko.

"Kodi ndikuchokera kuti, ndipo ndikupita kuti?" anadzifunsa mokweza.

Akadali chiimire, chimvula chinakhuthuka. Mapanga onse awiri ankawaona ndi maso, koma zitsononkho zinanyowa mpaka pansi pa ngolo.

Madalaivala onse anakana katunduyo. Wa kumadzulo anachita kunena kuti, "Ife sitinyamula madzi, bambo. Zalemera kawiri, ndipo kufakitale akazibweza."

A Kaliwo anabwerera kumudzi ali zyoli. Ndimaseka ndikawakumbukira, koma tsiku limenelo anandimvetsa chisoni. Amayi anazungulira ngolo, ndipo a Nasibeko anagwira pakamwa.

"Achimwene, phiri la mapanga awiri, inu n'kuvumbwa panja?"

Kuyambira pamenepo timati, "Mapanga awiri avumbwitsa." Kufunsa mtengo si kulakwa, ana inu. Koma ukafuna zonse ziwiri n'kulephera kusankha, nthawi imakusankhira, ndipo umataya ngakhale zimene anzako anakusungitsa.