Twaibu Sanamve za Denga

Mwana wanga Twaibu anabwera ku Ntaja kuchokera ku China, kumene amaphunzitsa Chingerezi ana a sekondale. Kwathu sanagoneko. Anatenga chipinda ku resitihausi, ndipo akabwera kudzandiona ankangoima pabwalo, kuyenda uku ndi uku, tiyi n'kuzizira pampando. Ine sukulu ndinalekera sitandade 2. Iye amadziwa zimenezo, n'chifukwa chake ndikamalankhula maso ake amakhala pa foni.

Lachisanu titaswali swala ya Juma ku mzikiti, anati ndimuperekeze kwa Shehe Ajasi, amene anamuphunzitsa ku madrasa ali wamng'ono. Tinawapeza pakhonde la mzikiti akusoka mkeka wong'ambika. Twaibu anapereka salamu, koma sanadikire n'komwe kuti afunsidwe za ulendo.

"Shehe, ana amene ndimaphunzitsa amawerenga mofulumira kuposa ine, koma ndikawafunsa chimene nkhaniyo ikunena amangondiyang'ana. Njira ndinawapatsa yabwino: ayambe awerenga mafunso, kenako asake mawu a yankho m'nkhanimo. Komabe akulephera. Akuluakulu a sukulu andiuza kuti akalepheranso mayeso akubwerawa, ntchito yanga yatha. Chingerezi simuchidziwa, Shehe, koma mwakalamba mukuphunzitsa ana. Kodi pali chimene mungandiuze?"

"Khalani pansi, mwana wa a Sumani," anatero Shehe. "Chimene ndikudziwa n'chochepa, koma tiona, Insha Allah. Mwasowa nthawi yaitali, ndiye ndiyambe ndakuuzani za kuno."

Anayamba kufotokoza pang'onopang'ono, singano ili m'manja. Ananena za mvula imene inachedwa, ndi za chitsime cha mzikiti chimene chinaphwa. Ananenanso za mphepo imene inasasula malata a chipinda changa, moti kuyambira pamenepo ndimagona kukhitchini, pambali pa nkhuni. Anamalizira ndi maliro a mkulu wina amene ankaitanira anthu ku swala.

Twaibu ankangogwedeza mutu. Kawiri konse anasuzumira pa foni. Shehe atangopuma, iye anati, "Zoona, Shehe, zinthu zavuta. Nanga za ana aja?"

"Tifikako. Ndiloleni ndikufunseni kaye kafunso kamodzi. Bambo anuwa akugona kuti masiku ano?"

"Kunyumba kwawo, Shehe."

"Chipinda chiti?"

Twaibu anandiyang'ana kuti ndimuthandize. Ine ndinayang'ana mkeka. Za dengalo ndinali nditamuuza ndekha tsiku limene anafika, ndipo anandiyankha kuti, "Chabwino, ababa," akulemba uthenga.

Shehe anabaya singano pamkeka, n'kupinda manja.

"Ndanena zimenezi pompano, m'chinenero chimene munayamwa, osati Chingerezi. Simunamve, chifukwa munali mukusaka yankho lanu m'mawu anga, ndipo chilichonse chosafanana nalo munachitaya. Ana anuwo mwawaphunzitsa kuwerenga mmene inu mumamverera. Mukabwerera, auzeni aphimbe mafunso ndi dzanja, amumve kaye munthu amene analemba nkhaniyo mpaka amalize kulankhula. Mafunso adza pambuyo. Ndipo musanakwere ndege, njirayi muyambe mwaiyesa pa bambo anuwa."