Nsomba za Tsiku la Ubatizo

M'khitchini mwa Odile Pitre munkamveka fungo la khofi, mwiniwake akuimba mosalekeza. Masana a tsikulo iye ndiye ankayenera kukanyamula khanda la mng'ono wake ku ubatizo, ulemu umene analimbirana ndi Verna, mlongo wa bambo wa mwanayo, mpaka kuleka kupatsana moni. Koma phwando lopanda nsomba si phwando. Choncho anadzutsa mlongo wake wamng'ono, Ulysse, n'kulowa naye m'boti kupita kudambo la madzi amchere.

Unali mwezi wa Januwale, nyengo yachisanu kumeneko, koma kunkafunda modabwitsa, kamphepo kakummwera kakusisita bango. Wokulira kumeneko amadziwa kuti kukatero chisanu chili m'njira, ndipo nsomba zimadya ngati zauzidwa kuti mawa kuli njala. Nyambo isanamire n'komwe, chingwe chinali chitakoka kale. Odile ankaseka mpaka misozi, akuvina m'boti, nsomba zofiira zikuphiriphitha kumapazi kwake.

"Achemwali, taonani kumpotoko," anatero Ulysse, akuloza mtambo wakuda bii. "Tiyeni madzi asanatithawe."

"Iwe unabadwa ndi mtima wa nkhanu. Ndigwireko nsomba imodzi yokha."

"Bokosi ladzaza kale. Mukufuna kudyetsa parishi yonse?"

"Ndikufuna Verna adye mpaka aiwale dzina lake. Bweretsa nyambo."

Imodziyo inabala inzake, inzakeyo inabala mtundu. M'malo motembenuza boti, Odile analilowetsa m'kamfuleni kosaya kumene michira ya nsomba inkaonekera pamwamba pa madzi. "Ona iyo! Nanga iyo? Ulysse, zikundiitana dzina."

Kenaka mphepo inatembenuka, n'kubwera yolasa m'mafupa. Mphepo yakumpoto ikafika kudamboko imasesera madzi kunyanja ngati mayi wosesa pakhonde. Nsomba zinatseka pakamwa nthawi yomweyo, n'kuthawira m'maenje akuya. Ulysse analiza injini, koma inangolavula matope n'kuzima. Boti linakhala pansi ngati nkhuku yofungatira mazira.

"Tsika ukankhe," anatero Odile.

"Boti ndi langa, koma nzeru zinali zanu, achemwali."

Odile sanali mkazi wopempha kawiri. Analumphira pansi, matope n'kumumeza mpaka m'maondo. Anakankha, anatukwana, anakankhanso ndi mphamvu zonse. Manja anaterereka, ndipo anagwa chagada, mikono ikupalasa m'mwamba ngati kamba wogadabuzidwa. Ulysse anaseka mano akugundana ndi chisanu.

"Musafulumire kudzuka. Sindinakuonenipo mutakhala chete chonchi."

Odile anamugenda ndi matope, koma naye kuseka kunamugwira mpaka nthiti kuwawa. Anaimbira foni aliyense wokhala ndi boti loyenda pamatope. Onse anali kutchalitchi, atamanga mataye. Atakhala pa bokosi la nsomba, atafunda chisaka, Odile anamva belu likulira kutsidya kwa bango, mphepo ikulibweretsa bwinobwino ngati mwadala.

Patapita nthawi foni ya Ulysse inalira. Anayang'ana, n'kuyesa kuibisa m'thumba.

"Bwera nayo kuno."

Chinali chithunzi: Verna ataimirira pambali pa wansembe, khanda lili m'manja, mano onse ali pamtunda.

Odile anachiyang'anitsitsa, matope akumuumira m'makutu. "Chipewa chakecho n'chonyansa," anatero, n'kubweza foni.

Akuluakulu sananame: ichi chakoma, icho chakoma, pusi anagwa chagada.