Zitenje za Dinnah pa Mipando ya Eni

Pakati pa Amalawi a ku Handsworth, mumzinda wa Birmingham, aliyense ankadziwa kuti mpando umene wayalidwa chitenje cha Dinnah uli ndi mwini wake. Kukakhala ukwati, chinkhoswe kapena phwando la 6 July, iye ankafika holo isanadzaze, n'kuyala zitenje zake pamzere wakutsogolo, n'kubwerera kukasamba. Pobwera ankapeza mipando ikumudikira ngati ana omvera. Ngakhale abusa sankayerekeza kusuntha chitenje chimenecho.

Dinnah anali nesi kuchipatala cha ku Nuneaton. Mashifiti, basi, sitima, miphika, kuchapa: moyo wake unali umenewo, ndipo analibe nthawi yomvetsera nkhani zazitali. Munthu ukayamba kumufotokozera chinthu, ankakudula pakati ndi mawu ake aja akuti, "Ndamva kale."

M'nyumba mwake munali chilonda chimodzi chimene sichinkapola. Mwana wawo wamkazi, Jacqueline, anasiya yunivesite ali m'chaka chachiwiri kuti aziimba. Bambo ake, a Justus, amene ankaphunzitsa masamu pakoleji ina ku Aston, anangonena kamodzi kuti, "Ine sindinawoloke nyanja kuti ndidzabereke woimba m'mabala." Kuyambira pamenepo anatseka pakamwa. Zaka ziwiri zathunthu, mwana akaimba foni n'kupezeka kuti ayankha ndi iwo, ankangoti, "Mayi ako awa," n'kupereka foni ngati yotentha.

M'chilimwe cha 1997 Jacqueline anaimba foni. Anali atalembedwa ntchito yoimba pasitima yapamadzi ya alendo, imene inkanyamukira ku Southampton. Woimba wamkulu anali kupita ku holide, ndipo Lachisanu lina iye ndiye adzatsogolere nyimbo zonse. Linali tsiku limodzi lokha.

"Mum, please, mubwere ndi Dad," anatero. "Akangondiona kamodzi."

Dinnah anawanyengerera amuna ake masabata atatu. Anawakumbutsa za BP yawo, za mawu a dokotala oti apume, za zaka makumi awiri ndi zisanu za ukwati zimene sanapiteko ngakhale ku Blackpool. Pomaliza a Justus anavomera, koma anaika mpanda.

"Ndikupita kukapuma ine, mayi a Jaki. Zovina sindikuzidziwa."

"Mukapuma mutakhala pampando wakutsogolo," anayankha Dinnah. "Zinazo zisiyireni ine."

Kutatsala masiku awiri, Jacqueline anaimbanso. "Mum, mvetserani. Anthu m'sitima ndi oposa chikwi, mipando ya mu holo ya zisudzo ndi mazana anayi. Matikiti ndi aulere, koma amaperekedwa m'mawa wa tsikulo, naini koloko, padesiki. Ife antchito sitiloledwa kusungira abale malo. Mukafole msanga."

"Ndamva kale," anatero Dinnah, foni ili pakati pa khutu ndi phewa, manja akusita.

Mnzake Helen, amene anali atakwerapo sitima yotere ndi abwana ake akale, anali atakhala pampando wa m'khitchini akumwa tiyi. Anaona zitenje ziwiri zikupindidwa n'kulowa m'sutikesi, n'kuika kapu pansi.

"Asisi, zimenezo n'za chiyani?"

"Za mipando."

"Iii! Kumeneko si kwa abusa athu. Azungu amafola ndi manyuzipepala kukadali mdima. Chitenje sachidziwa."

"Mpando ndi mpando, Helen. Munthu wamaso akaona nsalu ya mnzake amadziwa kuti pali munthu. Ine ndakhazika anthu mazana atatu paukwati wa mwana wa a Wallace, palibe anaima. Ndikalephere mipando iwiri?"

Helen anangotenganso kapu yake.

Dinnah ndi a Justus anakwera basi ku Digbeth mpaka ku Southampton. Sitimayo inali ngati mafulati a Newtown atawagoneka pamadzi. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri, Dinnah anadya chakudya chimene sanaphike, n'kusiya mbale osatsuka. Jacqueline anangomuona mphindi zisanu pakhonde, atavala yunifomu ya antchito. Mwana anapereka moni kwa bambo ake, iwo n'kuyankha akuyang'ana nyanja.

Lachisanu m'mawa Dinnah anadzuka mochedwa, thupi litamasuka ngati chingwe chonyowa. Popita kokadya anadutsa padesiki paja. Mzere unali utakhota kawiri, n'kukwera masitepe. Nkhalamba zina zinabwera ndi timipando topinda, zina ndi mabuku.

"Si mzere umene ananena mwana uja uwu?" anafunsa a Justus.

"Ine ndafola mokwanira pamoyo wanga," anatero Dinnah. "Ndinafolera shuga ku Ndirande, ndinafolera mapepala ku Croydon, ndimafolera basi tsiku lililonse. Pa holide yanga ndifolenso? Tiyeni tikadye mazira."

Cha m'ma thu koloko masana, anthu ali mbwee padzuwa pamwamba pa sitima, Dinnah anatsika yekha. Anapeza chitseko cha holo chili chotsegula, osesa ali kumbuyo ndi makina awo aphokoso. Anayenda mpaka kutsogolo, n'kusankha mipando iwiri yapakati penipeni, pamene munthu akhoza kuona ngakhale thukuta la woimba. Pampando umodzi anayala chitenje cha amayi a kutchalitchi, pa winawo chobiriwira chimene anaberekera Jacqueline ali khanda. Anasalaza makwinya ndi dzanja, n'kutuluka mtima uli m'malo.

Chionetsero chinali choyamba seveni koloko madzulo. Hafu pasiti sikisi, Dinnah anatulukira atavala chilundu chake chabwino ndi duku lomangidwa mwaluso, a Justus ali pambuyo ndi suti yakuda. Pakhomo panali bambo wina wamtali wa yunifomu yoyera, baji yake yolembedwa kuti Martin.

"Matikiti, amayi," anatero m'Chingerezi, akumwetulira.

"Malo athu ali kale m'katimo," anayankha Dinnah. "Kutsogolo. Pali nsalu ziwiri."

"Aa, ndi zanu nsalu zija!" Martin anawerama kuseri kwa katebulo, n'kutulutsa jumbo yoonekera m'kati. Zitenje zinali zitapindidwa bwinobwino, pamwamba atamata kapepala ka katundu wotayika. "Osesa anazipeza. Tinkadera nkhawa kuti mwini wake akuzifuna. N'zokongola kwambiri. Tsopano matikiti?"

Dinnah analandira jumboyo. Anasuzumira m'kati. Pamipando yake panali patakhala agogo awiri achizungu, akugawana maswiti.

"Tamverani, bambo," anakweza mawu, mawu omwe aja amene ankakhazika chete holo yonse ku Handsworth. "Mtsikana amene aimbe lero ndi mwana wanga. Ndinamubereka ine. Ndinamubereka pamsana ndi nsalu imene mwaiika m'jumboyi. Mipando ija ndinaigwira masana, anthu aja asanaganize n'komwe zobwera!"

Anthu a pamzere anatembenuka. Martin sanasinthe nkhope.

"Muyenera kuti mukumunyadira kwambiri, amayi. Koma mpando uliwonse uli ndi nambala, ndipo nambala iliyonse ili m'manja mwa munthu. Chonde patukani pang'ono ena adutse."

Anayesanso. Anaitanitsa abwana. Abwana anabwera, mayi wamfupi wa kope m'manja, n'kunena mawu omwewo mofatsa kuposa Martin. Mawu a Dinnah ankangogunda khoma n'kubwerera. Kunalibe mbusa woti amuitane, kunalibe mayi wa kwaya woti auze mnzake kuti, "Sunthirani uko, awa ndi mayi a mwana."

A Justus anakonza tayi yawo. Sanakalipe, ndipo zimenezo ndiye zinamuopsa Dinnah.

"Basi, mayi a Jaki. Mwatichititsa manyazi mokwanira. Ndimanena ine kuti zinthu zimenezi zilibe mutu. Ndikukagona."

Anatembenuka n'kuyamba kuyenda. Dinnah anayang'ana msana wawo, n'kuona zaka zina ziwiri za foni yotentha zikubwera, mwina khumi. Anaona mwana wake akutuluka pansanja, maso akufunafuna m'mizere, osapeza aliyense. Anawathamangira n'kuwagwira mkono wa jekete.

"Imani pomwepo. Mphindi khumi zokha. Mukachoka, ine ndi inu tikambirana ku Birmingham."

Kenako anabwerera kwa Martin. Mawu amene anatuluka anali aang'ono, oti amayi a kutchalitchi sakanawazindikira.

"Bambo, ndalakwitsa ine. Mwana anandiuza, sindinamvere. Kodi palibe kangodya kalikonse?"

Martin analoza kukhoma. "Opanda matikiti amaima apo. Kukatsala mphindi zisanu, mipando imene eni ake sanabwere timaipereka motsatira mzere. Sindikulonjeza kanthu."

Pakhomapo panali kale anthu oposa makumi awiri. Dinnah, amene anakana kufola m'mawa ali ndi mwayi, anakafola kumapeto atanyamula jumbo ya zitenje, dzanja lina litagwira jekete la amuna ake ngati akugwira mbuzi yofuna kuthawa.

Nthawi itakwana, Martin anayamba kuitana. Awiri analowa. Ena awiri. Anayi. Kenako anaima, n'kuyang'ana pepala lake.

"Watsala mpando umodzi," analengeza. "Ndi kampando kopinda, kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko cha operekera zakumwa. Kutsogolo kwake kuli mzati, ndiye pamafunika kupendeketsa mutu."

Banja loyamba linayang'anana n'kupukusa mitu. Lachiwiri linati silingasiyane. Bambo wina anati sanabwere ulendo wonsewu kudzaonera mzati. Mmodzimmodzi anthu anabalalika kupita kubala, mpaka Martin anafika kumapeto kwa mzere.

"Titenga," anatero Dinnah asanafunsidwe n'komwe.

"Lowani inu," anatero a Justus. "Ndinu munafuna zimenezi."

"Ine ndamumva akuimba m'bafa zaka makumi awiri. Inu simunamumvepo, chifukwa mumakweza wailesi. Lowani, bambo a Jaki, musanditopetse."

Anawakankha pamsana, chitseko n'kutsekeka.

Dinnah anatsala pakhonde. Martin anamubweretsera mpando wake wa pakhomo, iye n'kukhala, jumbo ili pamiyendo. Ng'oma zinayamba, malipenga n'kulowa, kenako mawu amodzi anakwera pamwamba pa zonsezo. Ankawadziwa mawu amenewo kuyambira tsiku limene analira koyamba, koma sanadziwe kuti angadzaze chipinda chachikulu chotero. Woperekera zakumwa akatsegula chitseko, ankaona kachidutswa chabe: kuwala kofiira, mkono wonyezimira, ndi mutu wa imvi wa a Justus utapendekeka kumbali kwa mzati. Chitseko n'kutsekekanso. Nthawi yachitatu anaona mutu uja utapendekeka kwambiri. Yachisanu, anaona kuti bambo aja aimirira.

Ola ndi theka linatha choncho. M'manja munawombedwa ngati mvula ya matalala padenga la malata, zitseko n'kutseguka. A Justus anatuluka pomalizira, tayi itakhwefuka, akupukuta magalasi amene sanali akuda.

"Nanga?" anafunsa Dinnah.

Anakhosomola kaye. "Mwana uja amaimba."

"Zimenezo mukauze mwini wake, osati ine."

Jacqueline anatulukira pakakhomo kam'mbali asanachotse n'komwe zopakapaka kumaso. Anaima patali pang'ono, osadziwa poika manja. Bambo ake ndiwo anayenda kumupeza.

"Mwanawe," anatero, "nyimbo yachitatu ija, mpweya unautenga kuti?"

Mtsikana anaseka ndi kulira nthawi imodzi, n'kugwera pachifuwa chawo. Kenako anadzutsa mutu. "Mum, did you see the gold dress? Diresi lagolide lija, munaliona?"

"Ndinaona mkono wake," anatero Dinnah. "Unali mkono wabwino."

Jacqueline anayang'ana jumbo ya zitenje ndi kapepala kake, n'kumvetsa zonse. Anatsegula pakamwa, mayi ake n'kukweza chala.

"Usanene. Ndamva tsopano."

Woimba wamkulu anabwerera sabata yotsatira, ndipo Jacqueline anabwereranso kumzere wa oimba akumbuyo kwa miyezi yambiri. Tsiku lija silinabwerezedwe. Dinnah sanaone mwana wake atavala diresi lagolide, ndipo nkhani yake amaimva kwa a Justus, amene masiku ano amaifotokozera mlendo aliyense wolowa m'nyumba, ngakhale wobwera kudzawerenga mita ya gasi. Foni ikalira Lamlungu, iwo ndiwo amathamangira, Dinnah n'kumadikira kuti apatsidwe.

Helen atabwera kudzamva za ulendo, anapeza zitenje zili pachingwe kuseri kwa nyumba, chimodzi chikadali ndi chizindikiro cha guluu pamene panali kapepala.

"Ndiye zinagwira ntchito, asisi?" anafunsa, akubisa kuseka m'kapu ya tiyi.

"Imwa tiyi wako," anatero Dinnah. "Ndinakuwa mpaka khosi kuuma, palibe anasuntha. Nditatsitsa mawu anandipatsa kampando kamene aliyense anakakana, ndipo kampando kameneko kandibwezera mtendere m'nyumba muno. Ukadzapita, ukafole."

Paukwati wotsatira ku Handsworth, Dinnah anayalanso zitenje zake pamzere wakutsogolo, ndipo palibe anazikhudza, chifukwa kumeneko n'kwawo. Koma pakhomo pa anthu ena amafunsa kaye, ndipo chimene apatsidwa amalandira ndi manja awiri. Akuluakulu sananame: kwa eni kulibe mkuwe, mutu wa nkhuku n'chiwalo.